Mtedza wa Atsibweni pa Khoma

Kuseri kwa depoti ya alimi pa Kabudula kuli chulu chimene chamva mawu achikondi ambiri kuposa mpanda wa tchalitchi. Sikuti n'chokongola ayi. Nkhani ndi yakuti netiweki yamphamvu imagwira pamenepo pokha. Ndiye Laison akafuna kutumiza zinthu ku likulu ankakwera pachulupo ndi laputopu yake, Tisiyenji n'kumulondola ndi ambulera, ati kuopa kuti dzuwa lingawononge makina a kampani. Makina ake ati, inu! Ambulera ija inkaphimba mitu iwiri, laputopu ikupsa ndi dzuwa pamwendo.

Laison anali mnyamata wa makompyuta. Kampani yake ya ku Lilongwe inamutuma kudzakhazikitsa pulogalamu yatsopano ku Kopaletivu ya Chamtunda, bungwe la alimi logula mtedza ndi soya, lomwe lili ndi madepoti pa Nsaru, pa Nambuma ndi pa Kabudula. Kale depoti iliyonse inkalemba bajeti yakeyake n'kuitumiza pa foni, a ku likulu n'kumakangana kuti yolondola ndi iti, ya Lolemba kapena ya Lachinayi. Pulogalamu yatsopanoyi inali ina. Alangizi akalowetsa pa foni zimene alimi akuyembekezera kukolola, yokha inkawerengera malole ofunika, matumba oti agulidwe, aganyu oti alembedwe ndi bajeti ya chaka chonse. Anthu a pa Kabudula sanavutike ndi dzina lake la Chingerezi. Anangoitcha Mlosi.

Tisiyenji ndiye ankayang'anira mapulani pa depotipo, mtsikana wophunzira bwino za ulimi, mwana wa aphunzitsi, wa mawu oyamba m'kwaya. Maphunziro ake a Mlosi sanayenere kutenga nthawi. Koma mtsikana amene ankaloweza nyimbo atangoimva kamodzi anayamba kuiwala pasiwedi tsiku ndi tsiku, ndipo Laison sankatopa kumukonzera ina. Pofika Febuluwale, mtedza utachita maluwa m'minda, za pasiwedi zinali zitatha, awiriwa akukambirana zina.

"Amalume anga a Isaki akuti akonzeka," anatero Laison tsiku limenelo ali pachulu, maso ali pa laputopu koma mtima uli pambali pake. "Agula kale jekete. Akungodikira ndiwauze tsiku loti anyamuke ku Kasiya kudzaonana ndi akwanu."

"Tsitsa mawu, iwe," anatero Tisiyenji akumutsina pamkono. "Chinthu chisanapse sachilengeza pachulu."

"Akumva ndani pano? Chiswe?"

"Chiswe chomwecho. Cha kuno chili ndi abale ake kumsika."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene aona kuti dziko lonse ndi lawo. Kenaka Mlosi anamaliza kuwerengera, ndipo chiseko cha Laison chinadukira pakati. Nsaru inaoneka yobiriwira, Nambuma yobiriwira, koma Kabudula anali psuu! Mlosi ankati zokolola za chaka chimenecho sizingadzaze ngakhale ngodya imodzi ya depoti. Laison anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumunsi. Minda ya mtedza inali biriwiri mpaka kumene maso amalekezera.

Asanapeze chonena foni inalira. Anali Cynthia, wosunga chuma ku likulu la kopaletivu pa Njewa, amene anaphunzira ndi Laison ku koleji ndipo anali asanasiye kumutchula dzina lofupikitsa ngati ndi wake.

"Lai, waona? A bodi aonanso. Akuti depoti yopanda katundu ilibe chifukwa chodyera bajeti. Akakumana mwezi wamawa aitseka, alimi ako azikagulitsa ku Nsaru. Usadandaule, ubwerera kuno msanga. Fumbi lakukwana kumeneko."

Foni inali yokweza mawu. Tisiyenji anamva zonse, ndipo anapinda ambulera yake mwakachetechete.

*

Nkhani yoipa imayenda pa njinga yamoto. Dzuwa lisanapendeke inali itafika kale kwa a Simeon.

A Simeon anali amalume ake a Tisiyenji, atsibweni monga tinenera kwathu kuno, ndipo kwa ife amenewo ndiwo eni mbumba. Bambo akhoza kumwetulira mmene angathere, koma ukwati sulowa pakhomo atsibweni asanavomere. Analinso mkulu wa mpingo komanso wapampando wa makalabu onse a alimi a pa Kabudula. Depoti ija anaiyendera okha m'maofesi mpaka inamangidwa, ndipo njerwa zoyamba anaumba ndi manja awo. Za Laison anali atamva kale, ndipo sizinawakomere: mwana wa tenanti, makolo ake anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina ku Kasiya. "Anthu opanda munda wawowawo," ankatero akamacheza ndi alongo awo. "Mawa adzanyamula mwana wathu kupita naye kumene kwagwa mvula."

A Simeon anaitanitsa Laison ndi Tisiyenji pakhonde. Laison anapatsidwa kampando kakafupi kuposa tonse, Tisiyenji anakhala pamphasa atagwetsa nkhope.

"Achimwene, ndamva kuti ula wanu wagwa," anayamba a Simeon. "Ine ndine mkulu wa mpingo, zowombeza sindigwirizana nazo. Koma ula wa makolo unkayamba wamva mwini nkhani. Wanuwu wangoti Kabudula wafa basi, eti?"

"Bambo, pulogalamuyi siwombeza. Imangowerengera zimene yapatsidwa."

"Yapatsidwa ndi ndani?"

"Ndi alimi eni ake, kudzera mwa alangizi."

A Simeon anatsokomola, n'kuyamba kuyang'anitsitsa nkhuku imene inkadutsa pabwalo ngati sanaionepo chibadwire.

"Zimenezo sindikuzidziwa," anatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi okalamba a kuno sangasenze mtedza mpaka ku Nsaru. Adzangoutaya kwa mavenda pa mtengo wozizira. Ndamvanso mphekesera kuti kuli jekete ina yagulidwa ku Kasiya."

Tisiyenji anaponyera Laison diso lokumbutsa za chiswe chija.

"Mukawauze eni jeketeyo," anapitiriza a Simeon, "kuti depoti ikatsekedwa asavutike n'kuisita. Pakhomo pano sadzapeza mpando."

Laison anatsazika ndi ulemu wonse. Anamva chisoni, anamvanso mkwiyo, chifukwa ntchito yake anaigwira molungama ndipo ntchito yomweyo inkafuna kumulanda mkazi.

*

M'mawa mwake mauthenga anayamba tambala atangotsika.

"Wadzuka bwanji, mlosi wanga?"

"Sindinadzuke. Ndangochoka pabedi."

"Wamwa tiyi?"

"Tiyi akukana."

"Akukana chifukwa ukumumwa wekha. Bwera ndi makina akowo, tikumane pa mlatho wamatabwa. Ndikufuna ndione chinthu china."

Anakumana pamlathopo n'kulowa m'kanjira kapakati pa minda, mame akunyowetsa nsapato. Tisiyenji anamupempha kuti amuonetse funso lenileni limene alangizi ankafunsa alimi. Kunena zoona akanaliona kalekale, koma masiku a maphunziro aja maso ake anali pa mphunzitsi, osati pa phunziro. Laison anatsegula foni n'kuwerenga mokweza: "Kodi chaka chino mukuyembekezera kukolola matumba angati?"

Tisiyenji anaima. Kenaka anayamba kuseka, kuseka mpaka anakhala pansi pamzere atagwira m'mimba.

"Mayo ine! Laison, funso limeneli unafunsa anthu a kuno? Mbewu ili m'munda?"

"Lalakwika pati? Ndi funso lomwe amafunsa kulikonse."

"Kuno munthu satchula zokolola zikadali m'nthaka. Ena amati ukatchula wamva wokawa, uja amakoka mbewu ya mnzake ndi mankhwala, yake nkhokwe n'kudzaza, iwe n'kukumba makoko okhaokha. Ena zimenezo sazikhulupirira, koma amaopa achibale obwera kudzacheza atapinda matumba m'khwapa. Ndiye ukafunsa, aliyense amati aaa, chaka chino zavuta, mwina tipezako kokazingira ana."

"Nanga Nsaru ndi Nambuma bwanji zatuluka bwino?"

"Alangizi a kumeneko ndimawadziwa. Anatopa n'kufunsa, anangolemba za chaka chatha. Athu ndi okhulupirika, analemba zimene anauzidwa."

Laison anagwira pakamwa. Anali atafika pa munda waukulu, wosamalidwa ngati pabalaza, mtedza utagwirana manja mzere ndi mzere osaona dothi.

"Uwu ndi wa atsibweni," anatero Tisiyenji. "Taona zimene anauza alangizi."

Laison anafufuza, n'kupeza kuti mkulu wa mpingo, munthu wosagwirizana ndi zowombeza, analembetsa mtedza woti ungakwane pa kaliyala wa njinga. Apa ndiye onse awiri anaseka mpaka misozi, mbalame zinauluka m'mundamo.

"N'chifukwa chake ankayang'ana nkhuku dzulo!" anatero Laison. Atapuma anapitiriza motsitsa mawu. "Kwathu pa esiteti zinali zosiyana. Bwana ankaitana mayina poyera, amene wakolola fodya wambiri n'kupatsidwa njinga anthu akuwomba m'manja. Bambo anga anaitanidwapo chaka china. Mpaka lero akamasimba maso amawala."

"Kumeneko fodya anali wa bwana," anatero Tisiyenji mofatsa. "Kuno mtedza ndi wa mwini. Aliyense amabisa wake."

Laison anayenda uku ndi uku m'kanjiramo akudzikanda m'mutu. Kenaka anatembenuka nkhope itawala.

"Ndiye tisawafunse n'komwe! Mlosi angathe kuwerengera yekha akadziwa kukula kwa munda, mbewu imene inadzalidwa ndi mvula imene yagwa. Mlangizi angozungulira munda atagwira foni, foniyo iyeza yokha."

"Za mbewu adzanena," anavomera Tisiyenji. "Chimene anadzala sachibisa, amabisa chimene adzakolole. Koma pakhale lonjezo limodzi. Dzina la munthu lisaoneke. A ku likulu aziona zophatikiza za kalabu yonse basi."

"Zimenezo n'zosavuta. Mayina ndiwatsekera, kiyi wake ndikhala naye ndekha."

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu iwiri imeneyi inali itazolowera kale kukhala pafupi. Laison anawerama, n'kuthyola kaduwa kachikasu ka mtedza, n'kukatsomeka m'tsitsi la Tisiyenji pamwamba pa khutu.

"Waona?" anatero mtsikanayo osakachotsa. "Sunakwatire n'komwe, wayamba kale kuchepetsa zokolola za atsibweni."

*

Masiku otsatira anali okoma, ngakhale anali otopetsa. Laison anakonzanso pulogalamu ija, n'kusonkhanitsa alangizi pansi pa mtengo wa mango kuwaphunzitsa kuyenda m'malire a munda osadumpha ngodya. Tisiyenji anayenda kalabu ndi kalabu kufotokoza kuti palibe amene afunsidwenso za matumba, ndipo palibe dzina lidzaoneke. Amayi anavomera, koma sanasiye kuwaseka awiriwo. "Kodi foniyo imayezanso mitima, anamwali?" Ngakhale a Simeon analola munda wawo uzunguliridwe. Anangoti, "Yendani, koma ine sindinakuoneni," n'kukwera njinga ulendo wa ku tchalitchi tsiku lopanda mapemphero.

M'kati mwa zimenezi Cynthia anatulukira pa galimoto ya ofesi, ati kudzayesa ngati njira yatsopanoyo ingakhutiritse bodi. Anatsika ndi nsapato zazitali zimene zinkamira m'matope, n'kulunjika pa tebulo la Tisiyenji.

"Ndinu amene mumaiwala pasiwedi aja, eti? Ku likulu timaona zonse, mayi. Pulogalamu imalemba nthawi iliyonse munthu akapempha ina."

"Ndinasiya kuiwala, achemwali," anayankha Tisiyenji akumwetulira. "Ndinapeza yosaiwalika."

Cynthia anamwetuliranso, koma mano okha. "Zabwino zonse. Kungoti Lai ndimamudziwa kuyambira ku koleji. Sakhalitsa pamalo. Ntchito ikatha amatseka laputopu, n'kuiwala ngakhale dzina la mudzi."

Mawu amenewo anamubaya Tisiyenji, tisanamizane. Anali mawu omwe aja a atsibweni, kungoti awa anabwera atadzola mafuta onunkhira. Masana onse sanakwere pachulu, ndipo ambulera inakhala pakona. Laison anapsa ndi dzuwa yekha mpaka analephera kupirira.

"Ambulera yadwala kodi?" analemba.

"Funsani a Cynthia, a Lai. Mwina ali nayo ya kutauni."

"Ya kutauni imaphimba mutu umodzi."

"Akuti ntchito ikatha mumatseka laputopu n'kuiwala mudzi."

Yankho linachedwa pang'ono. Kenaka linafika.

"Ndinakulira pa malo a eni, Tisi. Chaka chilichonse amayi ankamanga katundu osadziwa ngati bwana atisunganso. Ndatopa nako kusamuka. Ndikufuna pamalo pamodzi poti ndidzale mango n'kudzadya ndekha zipatso zake. Malowo ndi pamene pali iwe."

Sipanapite nthawi, anthu anaona ambulera ikukwera chulu mothamanga.

Minda yonse itayezedwa, Laison anamuyesa Mlosi m'njira zitatu: mvula ikapitirira bwino, ikadukiza, ndiponso ikanyanya. Ngakhale pa njira yoipitsitsa, Kabudula anatuluka wobiriwira. Anakumbatirana pachulu pomwepo masanasana, chiswe chikanene kumsika ngati chikufuna.

*

Bodi inaganiza zodzakumana pa Kabudula pomwepo, tsiku lomwe pulogalamu inkayamba kugwira ntchito mwalamulo. Depoti inasesedwa, khoma limodzi linapakidwa laimu kuti pulojekita iwalitsirepo, ndipo alimi anadzaza mpaka ena anakhala pamawindo. Kwaya ya Tisiyenji inaimba, thobwa linayenda m'zidebe. A Simeon anakhala kutsogolo atavala suti ya Mgonero, nkhope ili gwa.

Laison anafotokoza mwachidule, m'Chichewa chomveka, mmene Mlosi amagwirira ntchito tsopano. Kenaka anadina. Pakhoma panaoneka madepoti atatu aja, ndipo Kabudula anali wobiriwira kuposa anzake, mzere wake utatalika mpaka kufuna kugunda malata. Pansi pake panatuluka bajeti yatsopano: malole owonjezera, matumba owonjezera, ndi ganyu ya achinyamata nthawi yogula.

Amayi amene ankatsogolera bodi anaimirira n'kunena kuti za kutseka depoti ziiwalike, m'malo mwake ikuzidwe. Nthungululu zake! Amayi anavula mipango n'kuyamba kuvina pakati pa mabenchi, abambo akumenya zidebe za thobwa ngati ng'oma. M'phokosomo a Simeon anakodola Tisiyenji, iye n'kudzagwada pambali pawo.

"Nambewe," anamunong'oneza ndi dzina la mfunda, "jekete ija aisite. Loweruka likubwerali ndili pakhomo, ndipo mpando ulipo."

Tisiyenji anafuna kuuluka. Anadzuka kuti akauze Laison, koma amayi ovina anamugwira m'chiuno n'kumukokera m'bwalo. Anayesa kumukodola ali patali, Laison n'kumangobweza moni akuganiza kuti ndi chisangalalo chabe. Amene anafika kwa Laison poyamba anali Cynthia.

"Lai, wapambana," anamunong'oneza. "Koma taona mdala uja, sanamwetulirebe. Bwanji osamulemekeza pamaso pa bodi? Onetsa mlimi amene akutsogolera onse. Munthu wamkulu amafewa ndi ulemu wa pagulu."

Kaya Cynthia ankadziwa chimene ankachita, kaya sankadziwa, ine sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti Laison anali ataledzera ndi chimwemwe. Anayang'ana a Simeon, n'kukumbukira bambo ake akukankha njinga yatsopano pa esiteti anthu akuwomba m'manja. Lonjezo lija analikumbukira ndithu, koma anadziuza kuti kuulula munthu ndi kwina, kumutamanda ndi kwina. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

"Abale ndi alongo," anatero atakweza dzanja, "tisabalalike tisanathokoze mlimi amene watinyamula tonse chaka chino."

"Laison, ayi!" anakuwa Tisiyenji, koma zidebe zinameza mawu ake.

Anadina. Pakhoma loyera lija panatuluka dzina la a Simeon m'zilembo zazikulu, chithunzi cha munda wawo ndi malire ake onse, ndipo pansi pake matumba mazana awiri.

Zidebe zinaleka. Nyimbo inafera m'kamwa. A bodi ochokera kutauni anayamba kuwomba m'manja, Cynthia akutsogolera, koma ataona kuti akuwomba okha anasiya mmodzimmodzi. Panamveka mawu a mayi wina wachikulire ali pawindo.

"Hiii, a Simeon! Chonsecho munkatiuza kuti chaka chino zavuta?"

"Tibwera kudzacheza, akulu ampingo!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Matumba tili nawo kale!"

Depoti yonse inaphulika ndi chiseko. A Simeon okha ndi amene sanaseke. Anaimirira, anakonza tayi, anavala chipewa, n'kutuluka pang'onopang'ono ngati akuperekeza mlendo.

*

Laison ndi Tisiyenji anawapeza a Simeon kuseri kwa depoti, ataima patsinde pa chulu chija. Laison anagwada pafumbi osasamala za buluku.

"Bambo, ndalakwa. Ndimafuna kukupatsani ulemu."

"Dzukani, achimwene, buluku ndi lodula," anatero a Simeon, mawu ali ozizira. "Depoti mwaipulumutsa, zimenezo sindikana, ndipo ndathokoza. Mutu muli nawo. Koma mwandivula pamsika. Ine zokawa sindizikhulupirira, ndine mkulu wa mpingo." Anatsitsa mawu. "Koma okawawo sanandiuze kuti iwo anasiya."

"Atsibweni, chonde," anayamba Tisiyenji atagwada.

"Khala chete, Nambewe. Jekete ija ipachikidwenso. Eni ake adzabwere tikakumba, tikaumitsa, tikayeza pa sikelo ya depoti yomwe ino. Akadzakwana matumba amene mwalemba pakhoma paja, ndidzawalandira ndi mbuzi. Likadzaperewera ngakhale limodzi, ndidzadziwa kuti pakamwa panu ndi pamene panatsegula munda wanga."

"Koma bambo, chiwerengerocho n'choyerekeza. Chimatha kukwera kapena kutsika pang'ono."

"Pakhoma simunalembepo kuti pang'ono."

Anakwera njinga yawo n'kumapita. Awiriwo anatsala akuyang'anana. Tisiyenji anali wokwiya ndithu, misozi ili m'maso.

"Ukudziwa kuti anali atavomera kale? Anandiuza ine, ndi pakamwa pawo, kuti Loweruka lomwe lino. Ndimakukodola kuti ndikuuze, iwe n'kumandibayibitsa ngati phungu pa kampeni!"

Laison anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kukhala pansi. Ankaoneka womvetsa chisoni kwambiri, moti mkwiyo wa Tisiyenji unasowa poima. Anayesa kuumitsa nkhope, koma kachiseko kanamupulumuka.

"Ndinakonda chitsiru," anatero akukhala pambali pake. "Koma ndi chitsiru changa. Amayi a m'makalabu ndikawapepesa ndekha, iwe utseke mayina aja moti ngakhale iwe wemwe usamawatsegule. Nanga Mlosi wakoyo amanena zoona?"

"Mvula ikapanda kutinyenga, akwana. Mwina n'kupitirira."

"Basi. Mtedza sutenga chaka m'nthaka. Tiulondera tonse, tizikazula udzu, ndipo ukadzakumbidwa iwe ndi amene udzagwire khasu. Aone kuti mwana wa tenanti munda amaudziwa."

Laison anamugwira dzanja. Galimoto ya ofesi inadutsa ikubwerera ku Njewa, Cynthia ali pawindo, ndipo Tisiyenji anamubayibitsa ndi dzanja linalo mwaulemu wonse. Ankamva kuti ngakhale zitavuta bwanji, apambana basi.

*

Kutacha, Laison akutsuka m'kamwa, foni inalira. Sanali mauthenga a masiku onse aja ofunsa za tiyi.

"Bwera ku munda wa atsibweni," anatero Tisiyenji. "Usachedwe."

Anathamanga osamanga n'komwe zingwe za nsapato. Anapeza kagulu ka anthu kataima m'kanjira, akunong'onezana, osafuna kuponda m'mundamo. Munda unali wobiriwira monga dzulo, wokongola monga dzulo. Koma Tisiyenji anamugwira mkono n'kumulozera pangodya. Pamenepo mapando angapo a mtedza anali atazulidwa ndi mizu yomwe, n'kutengedwa, kutsala timaenje ta dothi lonyowa. Anamutengera pangodya yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu ndi yachinayi, chimodzimodzi. Mbuzi sisankha ngodya, ndipo wakuba wa njala sazula mtedza wosakhwima. Aliyense amene anaima pamenepo ankadziwa zimene anthu amanena, kuti wokawa amayamba choncho.

A Simeon anali ataima pangodya yomaliza, chipewa chili m'manja, opanda tayi, opanda nsapato. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Laison kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mwafika, achimwene? Tatsegulani makina anuwo, mumufunse Mlosi ngati izi anaziona."